Nyali ya Mono

Foni yojambula inabwera kuchokera ku Joni mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Bambo ake, amene anali kuganyu kumeneko, anati akabwera adzaika sola panyumba pathu, ine ntchito yanga ndi kusankha nyali. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma ntchito mukandipatsa ndimaigwira.

Masiku amenewo ndinkagulitsa mpunga m'maloji a alendo m'mbali mwa nyanja, mwana kumsana. Akamayeza mpunga kukhitchini, ine maso ali kudenga. Ndinajambula nyali ya chipanda chobowolabowola, ina ya mabotolo odula. Alonda ankandiseka, ati mayi inu, anzanu amajambula nyanja, inu mukujambula mababu. Imene inandigwira mtima inali ya mono, mono weniweni wokolera nsomba, atauzondotsa, babu ali m'kati. Ndinawatumizira bambo a mwana. Anayankha kuti basi, yathu ndi imeneyo.

Atabwera anakhala milungu itatu, masiku ambiri ali ku Lifuwu, ati akuyang'ana munda. Za sola anati ulendo wina. Ndinadikira. Kudikira ndiye ndimatha.

Patapita miyezi ndinapita ku Lifuwu komweko kukapikula mpunga. Mwana analira ludzu, ndipo ndinaodira panyumba ina ya malata atsopano, sola ali padenga. Anatuluka mtsikana woyembekezera, waulemu ndithu, anandilowetsa m'nyumba. Kudenga kunali mono. Nditauyamikira, anandionetsa pafoni yake chithunzi chimene amuna ake a ku Joni anamutumizira kuti akapangitse. Pakona pa chithunzicho panali chala changa. Ndinajambula ndisanazolowere kugwira foni.

Ndinamwetsa mwana madzi amene anandipatsa, ndinathokoza. Mtsikanayo ndinangomutsanzika, ndinapita.

Nditawafunsa, apongozi anga sanakane kuti mtsikanayo ndi mkazi wachiwiri wa amuna anga. Anati chipembedzo chimalola, ndipo ine ndine wamkulu, ndisadzichotse ulemu pochitira nsanje babu.

“Amayi,” ndinatero, “mkaziyo amuna anga anasankha okha osandifunsa. Nyalinso akanasankha okha.”

Ankhoswe atakumana, anagamula kuti ndigulidwire sola wanga, wofanana ndi wa mnzangayo, kuti pasakhale kukondera. Amalume anga anati ndilandire, banja ndi kupirira. Ndinawafunsa kuti chaka ndi theka ndakhala ndikuchita chiyani. 

Mvula isanagwe ndinamanga miphika yanga m'chitenje, ndinabereka mwana, ndinakwera minibasi kubwerera kwa amayi anga kumtunda. Mpunga tsopano ndimagulitsa pafupi ndi depoti, paboma.