Bokosi la Zitsulo Limene Ndinagula Ngati Belo la Salaula

Chaka chimene fakitale ya nsalu ya ku Kafue inayamba kudula anthu pantchito, amuna anga anali m'gulu loyamba. Anali fitala, wokonza makina olukira nsalu, kuyambira tisanakwatirane. Anabwera ndi kalata yowachotsa ntchito m'thumba la ovolosi, n'kuiika pakabati, n'kukhala pampando wa pakhonde. Mwezi unatha, wachiwiri, wachisanu, munthu ali pomwepo, kuyang'ana msewu wa komboni yathu ya Nangongwe. Sankamwa, sankakalipa, sankadandaula. Bola akanakalipa! Ukawafunsa kanthu ankangoti, "Zili che bwino." Anzawo awiri a mumzere wathu tinali titawaika kale m'manda, osadwala matenda odziwika, kungokhala pampando choncho mpaka kutha. Ine mantha anandigwira.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa salaula, zovala za kaunjika, kumsika. Anthu ankati zovala zathu zakalezo n'zimene zinapha fakitale. Kaya. Ine ndinkangofuna kuti ana adye.

Kale, ntchito ili bwino, iwo ankakonda kunena kuti atakhala ndi zida zawozawo angatsegule kashedi kuseri kwa nyumba, n'kumakonzera anthu zinthu. Ndiye nditamva kuti kufakitale kuli okushoni ya katundu wakale, ndinati mwayi ndi umenewu. Sindinauze munthu. Ndinatenga ndalama yoodera belo, n'kuimanga pachitenje, ulendo.

Kumeneko mkazi ndinali ndekha. Kunali azibambo a mimba zawo ochokera ku Lusaka, ndipo wogulitsayo ankayankhula Chizungu chothamanga moti ndinkangomva manambala. Makina akuluakulu ndinangowaonera patali. Koma pakona panali mabokosi a matabwa, okhomedwa misomali, lililonse ndi nambala yake ya choko. Ndinafunsa mlonda kuti muli chiyani.

"Ma tulu ya ku wekishopu, ba mayo. Sitisegula. Mugula che vamene vilili."

Apa mtima unakhala pansi, chifukwa kugula chinthu chotseka ndiyo inali ntchito yanga. Belo la salaula sulitsegula. Umalinyamula pakona, umaligogoda, umamva kulemera kwake, n'kupemphera. Ndiye ndinayenda bokosi ndi bokosi, kunyamula pakona. Lina linali lopepuka, lina linkachita phokoso ngati muli zidutswa. Limodzi linakana kusuntha n'komwe. Ndinati ili ndiye lodzaza, ili ndiye langa. Palibe ngakhale mmodzi wa azibambo aja amene analimbana nane mtengo, ndipo ine, kupusa kwanga, ndinati Mulungu wawatseka maso.

Wawilibala anakalitula kwa mlongo wina wa kutchalitchi kwathu, pafupi ndi msika. Ndinkafuna ndione kaye ndisanakalionetse kunyumba. Tinazula misomali ndi mpeni wa nyama.

Mayo ine! Munalibe sipanala, munalibe hamala, munalibe ngakhale tupa imodzi. Munali zitsulo zokutidwa m'mapepala a girisi, chilichonse ndi maonekedwe akeake. China chopindika ngati chigongono, chili ndi kabowo kumapeto. China chathyathyathya, cha mano atatu osafanana. Tizitsulo tina tosalala ngati sopo, tambirimbiri, tosiyana pang'ono pokha kukula kwake. Zonse zinali zoyera, zopanda dzimbiri, zooneka kuti munthu ankazisamala. Koma za chiyani?

"Mwina ni va ndeke," anatero mlongo uja. Sindinaseke.

Mawa lake ndinamanga zitatu m'kansalu n'kupita nazo kwa makanika wa maminibasi pasiteshoni. Anazitembenuza, anaziyesa pa bawuti ya tayala, mpaka anazinunkhiza. Anati chopindikacho n'chochotsera mabeyaringi, kenako anati ayi, n'cha sitima. Mnzake anatuluka pansi pa galimoto n'kunena kuti zonse ziwiri n'zabodza, n'choyezera. Choyezera chiyani? Anangokweza mapewa. Wowotcherera mageti kuseri kwa msika ndiye sanavutike n'kuganiza. Anaziika m'manja ngati akuyeza tomato.

"Chitsulo chabwino ichi. Nigulitseni pa kilo, nizapangila mahinji."

Ndinamulanda. Pa kilo! Ndalama ya belo lathunthu ithere mahinji a chimbudzi? Ndinabwerera pabenchi yanga mutu uli zweee. Kasitomala anafunsa mtengo wa jekete, ine n'kumuuza wa masokosi. Masiku anayi ndinayenda ndi zitsulo zija m'chikwama, ndipo aliyense amene ndinamuonetsa anandipatsa dzina lake. Pomaliza sindinkadziwanso ngati ndagula chuma kapena zinyalala. Munthu mmodzi yekha m'Kafue monse amene akanandiuza zoona ndi amene ndinkamuopa kumufunsa.

Tsiku lachisanu, belo la anzanga litafika langa kulibe, ndinaona kuti kubisa kwatha. Ndinaitana wawilibala masana dzuwa lili pamutu, n'kukalitula bokosilo pakhonde, pamapazi pawo penipeni.

"N'chiyani ichi?"

"Ndakugulirani zida, bambo. Za kashedi kaja munkanena. Koma sindikuzidziwa, ndipo mukafuna kundikalipira kalipani."

Anayang'ana nthawi yaitali osagwira. Kenako anawerama, n'kutola chopindika chija, n'kuchotsa pepala. Sanachitembenuze uku ndi uku ngati makanika uja. Chinangolowa m'dzanja mwawo, chala chachikulu n'kupita chokha pamalo pake. Anachipendeketsa padzuwa n'kundionetsa timadontho titatu tokhomedwa m'mbali.

"Ukuona apa? Chizindikiro changa ichi. Ndinapanga ndine."

Ndinakhala pansi pasimenti. Iwo anayamba kutulutsa chimodzichimodzi, n'kumaziyala pamkeka mwa dongosolo limene ankalidziwa okha. Anati makina olukira aja anabwera kuchokera kunja opanda zida zokwanira, ndiye mafitala ankadzipangira okha zoyezera ndi zokhazikitsira. Ichi n'cholinganizira mpata wa shatulo, kachitsulo kothamangitsa ulusi. Tosalalati n'toyezera ngati chipeso cha makina chakhala bwino. Cha mano atatu anapanga mdala wina wa ku Katete amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo mdalayo anawatukwana sabata yathunthu asanawalole kuchigwira. Anaseka! Amuna anga anaseka, mano onse panja. Anayankhula masana onsewo, mawu ochuluka kuposa a miyezi isanu ija kuphatikiza pamodzi. Theka la zimene ankanena sindinkazimva, koma ndinkangoti, "Eee, eee," misozi ili m'maso.

Nditapeza mpata ndinafunsa chimene chinkandidya.

"Nanga zingagwire ntchito kuno? Kukonzera njinga, mawilibala, zigayo?"

"Iyayi. Ngakhale chimodzi. Izi n'za makina aja basi."

Ananena mopepuka, ngati si kanthu. Ine ndinangoganiza za ndalama ya belo ija. Koma iwo maso anali akuwala, ndipo anandigwira pamkono, chinthu chimene anali asanachite chichokereni ntchito.

"Iwe, sukuona? Amene wagula makina aja sangawayendetse popanda izi. Angaitane injiniya wa kulikonse, nsalu izingotuluka yokhota. Afunika zida izi, ndiponso afunika munthu wozidziwa. Unali konko. Anagula ndani?"

Ndinali konko, inde. Ndipo pamene ndinkadikira wawilibala tsiku lija, ndinaona zimene azibambo a ku Lusaka ankachita ndi makina amene anagula. Sanawanyamule athunthu. Anabwera ndi mabotolo a gasi, n'kumawadula ndi moto pabwalo pomwepo, zidutswa n'kumaponya m'lole ya zitsulo zokasungunula. Ndinaimirira pamenepo mpaka utsi unandilowa m'maso.

Ndinayang'ana nkhope yawo, ndinayang'ana mpando uja. Ine ndine wopemphera, bodza ndimaliopa. Koma pakamwa panga panatuluka mawu ndisanaganize.

"Anthu a ku Lusaka. Dzina sindinamve."

"Basi, tidzawapeza. Lusaka si kumwamba. Kandigulire parafini."

Anatsuka zitsulo zonse mpaka dzuwa kulowa, akuimba nyimbo ya kwawo. Anandiuza kuti ndiwasitire shati yoyera ndi buluku la kutchalitchi. Ndinasita, ndipo kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Kawiri konse ndinamva akuimba panja, n'kutsekanso.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kapena ndinachimwa. M'mawa mwake anameta ndevu, anasankha zida zisanu n'kuziika m'chikwama cha sukulu cha mwana wathu. Ndinawaperekeza pasiteshoni. Anakwera minibasi ya ku Lusaka, anakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo atachikumbatira ndi manja awiri. Kondakitala atatambasula dzanja, ndinamasula chitenje n'kulipira ndine.