Nthutumba Zili mu Mpunga

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinatsekula changa tsiku limene mwana wanga Tadala anabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, ine mayi wake ndili mphunzitsi wolandira malipiro a boma. Bambo ake anali atapita ku Joni n'kungoti zii. Mlungu womwewo ndinalembera kalata bungwe lina lothandiza anthu othawa kwawo, limene linkafuna munthu woyang'anira maphunziro a ana ku ofesi yawo ya ku Nairobi. Anandilemba. Tadala anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinamusiya m'manja mwa Amayi ku Nathenje. Achimwene anga a Levisoni, amene anatsala mwini mbumba Bambo atamwalira, anandiperekeza ku bwalo la ndege ndi mawu amodzi: "Enelesi, usakatchone ngati mwamuna wako." Ndinalonjeza zaka ziwiri. Zinakwana zisanu ndi ziwiri.

Nairobi sinandilandire ndi manja awiri. Ndinapeza kachipinda ku Roysambu, pansanjika yachisanu, komwe ukatsegula zenera umamva msewu waukulu wa Thika ukubangula tsiku lonse. M'mawa ndinkathinana ndi anthu m'matatu, maminibasi a kumeneko, nyimbo zikugunda mpaka m'chifuwa, kondakitala akundifunsa m'Chiswahili ine n'kumangomuonetsa mano. Lamlungu ndilo linkandipweteka. Ndikachoka kutchalitchi ndinkakhala pabedi, foni ili m'manja, kudikira kuti wina kwathu andikumbuke. Ankandikumbuka ndithu, makamaka mwezi ukamatha. Uthenga uliwonse wa achimwene unkayamba ndi "Mwadzuka bwanji achemwali" n'kukathera pa malata, feteleza kapena simenti. Ndinkatumiza. Nyumba ya Amayi inaimirira, ndipo utoto usanaume achimwene anasamukiramo ndi alamu anga, ati kuti aziyang'anira nkhalamba ndi mwana. Pachithunzi chilichonse chimene ankanditumizira ankakhala ali pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, ngati ndiwo anaumba njerwa.

Tsopano ndinene za nthutumba, pakuti nkhani yagona pamenepo. Kwathu nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ya bambo wa pakhomo. Mkazi amaing'amba, amaitsuka, amaiphika, amaiika pamwamba pa mbale kuti ionekere, koma kulawa ayi. Ikasowa ndiye kuti wophikayo waba kapena wanyoza, ndipo bambo akhoza kubweza mbale yonse. Ndinakula ndikuona Amayi akuipatulira Bambo, kenako achimwene, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake. Ndiye tsiku lina ndikudutsa pabutchala ya pansi pa nyumba yathu ku Roysambu, ndinaona nthutumba zitadzaza thileyi, mulu ngati mtedza wa pamsika. Ndinaima kukamwa kuli yasa.

"Firigisi, mama? Kilo ngapi?" anafunsa wogulitsayo, akutchula nthutumba m'Chiswahili.

Ndinacheuka kuti ndione mwamuna amene akumufunsa. Panalibe, ankafunsa ine. Ndinagula theka la kilo, ndinakazinga, ndinakhoma chitseko ngakhale ndinkakhala ndekha, n'kudya. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Nditameza ndinapsa mtima. Kanyama kolimbirapo, kokoma ndithu, koma kanyama basi. Kameneka ndi kamene kankatiyendetsa chonyang'ama m'nyumba mwathu zaka zonse zija.

Amene anandiphunzitsa kuziika mu mpunga ndi Loretta, mayi wachikuda wa ku Louisiana ku Amereka, mnzanga wa kuntchito. Nayenso Lamlungu linkamuwawa. Tsiku lina anakwera masitepe onse aja ndi jumbo, akupuma wefuwefu, nati tiphike chakudya cha kwawo. M'Chingerezi amangoutchula kuti mpunga wakuda, chifukwa umatuluka wabulawuni ngati waugwetsa pansi n'kuutola. Anandiuza kuti makolo awo akale ali akapolo, nkhuku inkapita patebulo la bwana, iwo n'kutsala ndi ziwindi ndi nthutumba. Ankaziduladula ting'onoting'ono n'kuzisakaniza mu mpunga kuti aliyense m'nyumba, mpaka mwana, alaweko nyama. Ine ndinamuuza kuti chimene bwana wa kwawo ankataya ndicho chimene bwana wa kwathu amachifera. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

Kaphikidwe kake sikovuta, kamangofuna kudekha. Umawiritsa nthutumba mpaka zifewe, msuzi wake n'kusunga. Umaziduladula pamodzi ndi ziwindi, n'kuzikazinga ndi nyama yogaya osatakasa msanga, kuzisiya zigwire pansi pa poto mpaka zide. Loretta ankandimenya dzanja ndikagwira supuni nthawi isanakwane. Kenako anyezi, girinipepa, selari, adyo ndi tsabola. Ukathira msuzi uja umapala zonse zogwira pansi zija, chifukwa kukoma kuli momwemo, ndiye n'kuthira mpunga. Iye ankaphikira mpunga wa pishori wa ku Kenya. Tsiku limene mnzathu wina wochokera kumudzi anandigawira Kilombero, fungo linatsika masitepe mpaka aneba anagogoda. Loretta anabwerera kwawo patatha zaka zitatu, koma mpunga wake unatsala. Kuyambira pamenepo Lamlungu langa ndinkalithera pachitofu, osati pabedi.

Chimene chinandibweza kumudzi ndi mawu a Tadala. Ali wamng'ono ankalongolola pafoni mpaka mayunitsi kutha. Atafika zaka khumi ndi zitatu anatsala ndi "eya" ndi "ayi". Ndikaimba masana, akuchapa malaya a amalume ake. Ndikaimba madzulo, akutsuka mbale. Kusukulu anayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinamupezera malo pasukulu ina ku Nairobi, ndipo pasipoti yake inali itatuluka kale, ili m'sutikesi ya Amayi. Koma Amayi sakanatsegula sutikesi imeneyo popanda mawu a mwana wawo wamwamuna, ndipo mawu a achimwene anali akuti, "Mwana wamkazi sakulira m'tauni ya eni. Adzabwera wopanda mwambo." Ndikanatha kupita nazo kuboma, ndikudziwa. Koma mwana sumusolola m'manja mwa agogo amene anamulera ngati ukulanda katundu.

Ndinafika mu Disembala, chimanga chili m'mawondo. Amayi anati nkhani ya mwana tikambirane Loweruka tikatha kudya nkhomaliro. Ndinati ndiphika ndine. Ndinkaganiza kuti munthu akakhuta chakudya chabwino mtima umafewa. Ndinagula nkhuku ziwiri zachikuda ndi Kilombero, ndipo selari ndi nyama yogaya ndinachita kukazilondola mumzinda wa Lilongwe.

Tadala ankakupiza mbaula pambali panga. Nditavuula nthutumba ziwiri zija n'kuziika pathabwa, mpeni uli m'manja, anandigwira mkono.

"Amama, zimenezo ndi za ankolo."

Ankanong'ona, maso ali kukhomo.

"Tsiku lina ina inandigwa, galu n'kutola. Ndinagona ndi njala."

Sindinama kuti ndinalakwitsa mosadziwa. Poyamba ndinali nditaiwaladi, pakuti zaka zisanu ndi ziwiri zogula nthutumba pa kilo zimaiwalitsa. Koma mwana atandikumbutsa, mpata wozibwezera m'poto wa nkhuku unalipo. Ndinayang'ana zala zake zili pamkono panga, mwana amene ndinamusiya ali wolongolola, ndipo mutu unatentha. Ndinadula. Ndinazidula ting'onoting'ono kuposa mmene Loretta anandiphunzitsira.

Mpunga unapsa bwino kuposa masiku onse, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Achimwene anasamba m'manja, anavundukula mbale ya nkhuku, n'kuyamba kutembenuza nthuli ndi supuni. Anatembenuza kawiri.

"Kodi nkhuku za masiku ano zikubadwa zopanda nthutumba?"

"Zili mu mpunga, achimwene."

Anavundukula mpunga n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Mpunga wamatope uwu? Ndiye kuti aliyense pano adya nthutumba? Mpaka mwanayu?"

"Aliyense."

Anakankha mbale mpaka inakagunda jagi ya madzi. Anatembenukira kwa Amayi, ine ngati palibe. "Amayi, mwaona? Ndimanena ine. Zaka zonsezi zimene watibweretsera ndi izi. Ndiye mwana akaphunzire kwa ameneyu? Tadala sapita kulikonse."

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo lathu linali la petulo, ndipo inenso ndinali ndi machesi. Ndinaimirira.

"Achimwene, denga lili pamutu panulo anakhetsera thukuta ndani? Ine ndadya masamba a sukuma miyezi ndi miyezi m'dziko la eni kuti inu musanyowe. Lero ndimve kuti mwana wanga anagona ndi njala m'nyumba muno chifukwa cha kanyama kosafika chala chachikulu?"

"Ndalama sizigula mwambo," anatero. Anatenga chipewa n'kutuluka, alamu anga akuwatsatira mpaka kumsewu.

Ndinadziwa kuti ndaononga zonse. Ndinabwera kudzanyengerera, ndinatha ndi kulalata, ndipo amene alipire ndi Tadala. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, pamene pali mtengo wa mapeyala, ndinalira misozi ya ukali. Ndinakwiyira achimwene, ndinakwiyira mwamuna wanga wa ku Joni, ndinakwiyira pakamwa panga. Kwambiri ndinakwiyira Amayi, amene anakhala duu nthawi yonseyo, maso ali pambale, ngati mmene akhalira moyo wawo wonse.

Nditabwerera kukhitchini ndinawapeza atakhala pakampando, poto wa mpunga ali pakati pa miyendo yawo. Tadala anali ataima pakhomo. Amayi sanadzutse mutu. Ankasanthula mpunga ndi chala.

"Nthutumbayo ndi iti pamenepa?"

Ndinagwada, ndinasankha kachidutswa kamodzi n'kuwaikira m'manja. Anakaponya m'kamwa, natafuna nthawi yaitali ndi mano awo otsalawo.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyo, Amayi."

"Basi?"

"Basi."

Anapukusa mutu. "Ndinalowa m'banja mabere asanagwe. Nkhuku zimene ndasosola ndi manja awa sindingaziwerenge. Ndimayesa mwina muli uchi m'kati." Anapukuta chala pachitenje. "Enelesi, wamukalipira mlongo wako za tsiku la galu lija. Levisoni kunalibe tsiku limenelo, anali kumaliro ku Mitundu. Anabwera mochedwa, anangofunsa za nthutumbayo n'kukagona. Amene ananena kuti mwanayu asadye ndine."

Zaka zonsezi mkwiyo wanga ndinkautumiza pakhonde, kwa munthu wopinda miyendo uja. Sindinaganizepo kuti achimwene sanalowepo m'khitchini, sanang'ambepo nthutumba, sadziwa n'komwe kuti imatsukidwa bwanji. Lamulo limene amadyera ankalisunga ndi Amayi, ndi manja awo, mwamantha, monga analandirira kwa amayi awo, ndipo anali atayamba kale kuliika m'manja mwa mwana wanga. Ine ndinathawira kutali pa ndege, ndikutumiza malata kuti mvula isalowe, osafunsa zimene zikuchitika pansi pa malatawo. Kwathu kunali komweko, sikunasinthe ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndi zimene ndinkazisirira ndili pabedi ku Roysambu.

Amayi anadzuka pogwira chipupa, analowa kuchipinda. Ndinamva sutikesi ikukhwekhwereza pansi pa bedi. Anabwera ndi pasipoti itakulungidwa m'pepala la shuga, n'kuiika pamiyendo panga.

"Nanga achimwene?" ndinafunsa.

"Levisoni ndinamubala ndine. Ndilankhula naye."

Analankhula nayedi, ngakhale sindikudziwa zimene anamuuza. Achimwene sanatiperekeze ku bwalo la ndege, koma mwezi utatha uthenga unafika monga mwa nthawi zonse, woyamba ndi "Mwadzuka bwanji achemwali". Tadala tsopano amakwera yekha matatu, ndipo Chiswahili chake chandiposa. Amalongololanso mpaka ndimamuuza kuti akhale chete.

Koma chimene ndimachiona ndikamapala pansi pa poto Lamlungu lililonse ndi chimene chinatsatira masana aja. Amayi anakhalanso pakampando, anakokera poto pafupi, nayamba kusankha tizidutswa ta nthutumba, kamodzikamodzi, kuunjika m'dzanja lawo lamanzere. Atadzaza anakweza maso kukhomo.

"Tadala, bwera kuno. Tambasula dzanja."

Mwana anayang'ana kumsewu kaye, kenako anatambasula.

"Idya," anatero Amayi. "Ndinakulanda ndine."