Caetano wa Gitala ndi Mpata wa Ng'oma

Caetano anabwerera ku Malowera chaka cha ufulu, mu 1975, atagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ku migodi ya ku Zambia. Anzake ankabwerako ndi njinga, malata, ena mkazi. Iye anatsika pa kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu ija, ndi gitala yamagetsi, bokosi lokweza mawu, ndi tsitsi loti chipeso chinali chisanalowemo chaka chathunthu. Amayi ake atafunsa za malata, anawaonetsa bokosilo. Analira mayiwo, ndipo ine sindiwadzudzula.

Ine ndine Raul, ndinkamuimbira gitala ya besi. Ndakalamba tsopano, ndipo nkhani ya Caetano ndatopa nayo, chifukwa anthu amafuna ndiwauze za ngwazi pamene ine ndinkadziwa munthu wamakani.

Tinali atatu. Wachitatu anali Inocêncio, woimba ng'oma, munthu wochepa thupi, wosakonda zolankhula. Ng'oma zake anapanga yekha ndi zitini za mafuta ndi zikopa za mbuzi. Nsambo za magitala zikaduka tinkamasula waya wa mabuleki a njinga, moti njinga yanga ndinaiimitsa ndi chidendene zaka zitatu. Magetsi tinkatenga ku bateriya ya galimoto, yomwe woyendetsa kamiyau yogula chimanga ankatidzazira akabwera. Nyimbo za Caetano zinali zija zaphokoso anaphunzira ku migodi, gitala yolira ngati macheka pa mtengo wouma. Akuluakulu ankatseka makutu. Achinyamata ankayenda wapansi kuchokera ku Chipera kuti adzatimve.

Sanali woimba bwino kuposa onse, ndinene zoona. Anthu ankamukondera khalidwe. Sankaimba ataledzera. Mwini kantina, sitolo ya m'mudzi, akamugulira mowa kuti amutamande m'nyimbo, mowawo ankaubweza. Akati tiimba Loweruka, tinkaimba ngakhale kubwere anthu asanu ndi galu. Analinso ndi lamulo lake: pakati pa nyimbo yomaliza ankatchula dzina la aliyense wa ife, n'kuleka gitala, kumusiyira mpata woti amveke yekha. Ankati munthu amene wasenza bateriya mtunda wonse uja ayenera kumveka.

Nkhondo itafika kwathu, kamiyau yogula chimanga inaleka kubwera. Otsala ndi galimoto anali asilikali a pa kampu basi. M'mwezi wa Marso, 1984, Inocêncio anapita kumunda kwake kutsidya kwa dambo, osabwerako. Zinkamveka kuti anatengedwa ndi asilikali omwewo, pomuganizira kuti amapereka ufa kwa anthu a m'tchire omenyana ndi boma. Koma anaona ndani? Ukafunsa, aliyense tsiku limenelo ankayang'ana kwina. Dzina lake linasowa pakamwa pa anthu. Mkazi wake Carlota, mayi wa ana awiri, sankadziwa ngati ali ndi mwamuna kapena ndi wamasiye, ndipo kukafunsa ku kampu kunali kudzipereka wekha. Sakanalira maliro, sakanadikiranso ndi mtima umodzi. Ankangopita kumunda n'kubwerako, anthu akumupatukira njira ngati ali ndi nthomba.

Mwezi wa Junyu komandante, mkulu wa asilikali a pa kampu, anatiitanitsa. Ankafuna tikaimbe pa festa, chikondwerero cha tsiku la ufulu. Bateriya atidzazira, anatero, ndipo ng'oma aimba msilikali wake wina.

"Ng'oma zili ndi mwini wake, kamarada komandante," anatero Caetano. "Tiimba awiri."

Komandante anaseka, nati zili kwa ife.

Panjira ndinamuchonderera. "Achimwene, nyimbo yomaliza ija tiisiye. Kapena muimbe, koma musatchule munthu. Ine ndili ndi ana anayi."

"Ndamva," anatero, maso ali kutsogolo. Ndinadziwiratu kuti ndataya malovu pachabe.

Festa inali masana, pabwalo la mpira, mphepo ya Junyu ikutithira fumbi m'maso. Nyimbo zopanda ng'oma zinkayenda motsimphina, koma anthu anali ndi njala ya phokoso lina losakhala la mfuti, ndiye anavina ndithu. Carlota anaima kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango, mwana ali kumsana. Inafika nyimbo yomaliza. Caetano anafuula, "Raul!" Ndinaimba mpata wanga, zala zikuterera ndi thukuta, ndikupemphera mumtima kuti ndikamaliza angolowa ndi gitala.

"Inocêncio!"

Caetano anaika dzanja pa nsambo, n'kuweramitsa mutu, akuwerenga ndi phazi monga ankachitira nthawi zonse. Mpata wa ng'oma unali wautali, chifukwa Inocêncio ankaukonda, ndipo Caetano sanaudule ngakhale pang'ono. Khamu lonse linangoima chilili. Chomwe chinkamveka ndi kung'ung'udza kwa bokosi lija basi. Ine ndinachita mantha, ndipo pa nthawi imeneyo Caetano ndinamuda, ndinamuda kwambiri.

Kwathu kuno, dzina la munthu wosowa likatchulidwa pagulu, otchulawo n'kuweramitsa mitu, ndiye kuti akulengeza maliro. Caetano, ndi nzeru zake za ku migodi, sanaganizeko zimenezo. Carlota anamva monga angamvere mayi aliyense wa m'mudzi: anayesa kuti ife tauzidwa kanthu ku kampu. Anagwa pansi n'kuyamba kubuma, amayi ena n'kumulandira, festa ya ufulu n'kusanduka maliro.

Komandante anadzuka, nkhope itachita mdima. "Khalani chete! Wafa ndani pano? Munthu wanuyo ali moyo, akunyamula katundu wa asilikali. Adzabwera ntchito ikatha!"

Kaya ananena zoona, kaya ankangofuna kuti amayi aleke kulira, palibe akudziwa mpaka lero. Tsiku lomwelo anatilanda bokosi ndi bateriya. Caetano anagona masiku asanu ndi atatu ku kampu, ndipo anabwerako zala ziwiri za kumanzere zitapindika moti sizinawongokenso. Ine sanandikhudze n'komwe. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Kuyambira pamenepo anakhala mlimi ngati wina aliyense. Mu 1987, midzi itapsa, tinathawira limodzi ku Zambia, ku kampu ya othawa nkhondo. Kumeneko anthu ankabwera kudzaona munthu amene anaimitsa festa, iye n'kumawapirikitsa ngati nkhuku za pa mphale. Chomwe chinkamudya chinali Carlota, amene tinathawa naye. Mayiyo mawu a komandante anawagwira ndi manja awiri. Amuna awiri abwinobwino anamufunsira, anawakana. Galimoto iliyonse yobweretsa othawa atsopano ankaithamangira, n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi mpaka womaliza atatsika. Caetano akaona zimenezo ankalowa m'nyumba.

"Ndikanatseka pakamwa, bwenzi ataiwala n'kukwatiwa," anandiuza kangapo konse. Ine sindinkamutonthoza, chifukwa ndinkaganiza chimodzimodzi.

Tinabwerera ku Malowera mu 1993. Asilikali anabwerera kwawo, onyamula katundu anabwerera, ena opanda miyendo. Inocêncio sanabwere. Mvula isanagwe, abale ake anagwirizana zometa maliro popanda mtembo, ndipo Carlota anabwera yekha kudzatiuza. Anatipeza tikufolera nyumba ya Caetano. Iye anatsika padenga, anavula chipewa, n'kugwada pafumbi.

"Alamu, ndinakulakwirani. Zaka zisanu ndi zinayi mwadikira pachabe chifukwa cha pakamwa panga."

Carlota anamuyandikira. M'mbali mwa duku lake munkaoneka imvi.

"Dzukani, alamu. Miyezi itatu yoyamba ija mudzi wonse unali utamukwirira kale mwamuna wanga mwakachetechete, ine ndekha osandiuza. Inu munamutchula. Zaka zimene mukunenazo ine ndinali ndi mwamuna, ana anga anali ndi bambo. Umasiye ndiuyamba mawa."

Anatiuza kuti tifike kumaliroko m'mamawa, n'kutembenuka kumapita. Caetano anakhalabe chogwada mpaka ndinachita kumugwira mkono, ndipo tsiku limenelo denga sitinalimalize.