Chiponde cha mng'ono wanga

Kapaketi kake kanali kofiira ndi koyera, kofewa m'manja. Ukangoluma pakona, fungo la mtedza ndi mkaka linkakufika mpaka kukhosi. Chinali chiponde cha mng'ono wanga, chaka chimene madzi anakokolola chimanga chathu chonse ku Nyachikadza, ife n'kumadya nyika, mizu ya maluwa a m'madzi yokumba m'dambo.

Mwanayo anali atatupa mapazi, tsitsi litafiira. Lachiwiri lililonse amayi ankamubereka n'kukwera bwato kupita kusikelo kukamuyeza ndi kukalandira chiponde, ine ndili pambuyo. Anamwino a kumeneko anali ochokera kumtunda, koma anaphunzira kuthokoza kuti "takhuta" ngati ife, ndipo amayi anawakonda. Atawauza kuti mwana azidya dzira, amayi anamvera, ngakhale azakhali ankakalipa kuti dzira limadwalitsa ana. Matemba ankasinja n'kuthira m'phala, monga anawalangizira.

Amayi akapita kudimba, yomudyetsa chiponde inali ntchito yanga. Ndinayamba ndi kunyambita chala. Kenako theka. Mapeto ake ndinkamaliza paketi yonse kuseri kwa nyumba, iye n'kungomupaka pamilomo kuti azinunkhira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha, koma nzeru zakuba zinali zokwana, kalanga ine! Musandiuze za njala. Nayenso anali nayo, yoposa yanga.

Masabata atatu sikelo osakwera. Anamwino anayeza kamkono kake, n'kutembenukira kwa amayi, azimayi onse akumva.

"Mayi, nenani zoona. Chipondechi mukugulitsa?"

Amayi anamanga mwana kumsana. Ine ndinali pomwepo, maso ali pansi. Ndikanangotsegula pakamwa, nkhani ikanathera pomwepo, koma ndinakhala duu.

M'bwato amayi anangoti, "Munthu wondiyesa wakuba sangandiphunzitse kulera mwana."

Kusikelo sitinapitenso. Dzira analeka, matemba m'phala analeka, chilichonse chochokera pakamwa pa anamwino chinawanyansa. Mng'ono wanga tinamuika m'manda madzi asanaphwe m'minda. Amayi anakalamba mpaka kumwalira akudanabe ndi anamwino aja, ine osawauza kanthu. Manyazi ake ndikuyenda nawo mpaka lero.

Lachiwiri loyamba limene sitinakwere bwato ndinalira tsiku lonse. Amayi anandikhazika pamiyendo, akundisisita mutu. "Usalire, mwanawe, mng'ono wako achira." Sindinkadziwa n'komwe kuti mwanayo akufa. Ndinkalirira chiponde.