Tinyanga Tinayi ndi Yewo Mmodzi

Ndinataya mkazi amene ndinkafuna kumanga naye banja chifukwa cha kabokosi ka tinyanga tinayi. Sekani ngati mukufuna, inenso ndikanaseka zikanakhala za wina. Koma wolakwa ndine, ndipo ndikulemba izi kuti inu owerenga musadzapusitsidwe ndi katoni yonyezimira monga ndinachitira ine.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza kukaphunzitsa za makompyuta pa sekondale ina kumapiri a Nchenachena. Kumeneko foni imagwira ikafuna, ndipo kuti ulankhule ndi munthu umachita kukwera pachulu kuseri kwa tchalitchi. Ndiye anthu ena akufuna kwabwino atatiimikira milongoti yobweretsa intaneti yothamanga kuchokera ku boma, phiri lonse linasangalala. Chinatsala ndi rauta yaikulu, chipangizo cholandira intaneti yonseyo n'kuigawira kusukulu, kuchipatala ndi kunyumba za aphunzitsi. Komiti inati wokagula akhale mphunzitsi wa makompyuta, ndipo mutu unandikula.

Pachipatala pankagwira ntchito ya ukalaliki mtsikana wina amene onse ankamutchula NyaMhango. Anaphunzira za makompyuta kukoleji, ndipo kunena zoona ankandiposa, ngakhale nthawi imeneyo sindikanavomera. Tinali pachibwenzi kwa chaka. Ndinali nditayamba kale kufunsa za thenga, munthu amene kunoko amatumidwa kwa makolo a mkazi.

Tsiku lopita ku Mzuzu anandiperekeza kokwerera galimoto. Anati, "Musakatengeke ndi tinyanga ta pamwamba pa rauta. Mukatembenuze bokosi muone timabowo ta kumbuyo tolowetsamo waya, mufunse kuti timadutsa zochuluka bwanji, komanso kuti rautayo imanyamula anthu angati nthawi imodzi. Ya panyumba singathe phiri lonse." Ndinagwedeza mutu, koma mawu aja analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Musitolo ndinapeza ziwiri. Ina inali bokosi lachitsulo lotuwa, losaoneka bwino, lopanda ndi kanyanga komwe. Mtengo wake unali wokwererapo, komabe ndalama za komiti zikanakwana. Inayo inali yakuda, yowala, ya tinyanga tinayi, nambala yaikulu ya liwiro italembedwa pakatoni, ndiponso yotchipa. Ndinadziona kale ndikubweza chenje pamsonkhano, azibambo akuwomba m'manja. Ndinamuimbira NyaMhango kumuuza kuti ndatola chikwama. Iye anafunsanso za timabowo tija, ine n'kuti, "Mayi, ntchitoyi apatsa ine." Iye anati, "Yewo, aphunzitsi." Ine wa ku Ntcheu ndinkadziwa kuti m'Chitumbuka yewo ndi zikomo basi. Ndinalipira ndikumwetulira.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti nambala ya pakatoni ija inali ya liwiro la m'chipinda momwemo. Kabowo kolandirira intaneti yochokera ku mlongoti kanali kopapatiza, ngati kulowetsa madzi a mpope waukulu m'bango. Loweruka ndi Lamlungu rautayo inkathamanga bwino. Koma sukulu ndi chipatala zikayamba ntchito, inkatentha ngati simbi, n'kuzima yokha, n'kuyakanso. Ine ndinkanamizira mitambo.

NyaMhango anali ndi loto limodzi, kupitiriza maphunziro. Anafunsira thandizo la sukulu kunja, ndipo anamusankha kuti akamufunse mafunso pa kanema wa pakompyuta. Anafuna kukwera galimoto kukachitira ku boma, koma ine ndinamuletsa. Ndinati awonongeranji ulendo pamsewu woipa uja pomwe intaneti ili pakhomo, ndipo ndinadziguguda pachifuwa kuti palibe chingavute.

Linali Lachiwiri m'mawa. Anavala bulauzi yoyera imene anaisita kawiri, n'kukhala mu ofesi yanga. Azungu atatu omufunsa mafunso anaonekera pakompyuta, anamupatsa moni, iye anayamba kuyankha funso loyamba bwinobwino. Nthawi yomweyo ana a folomu folo anayatsa makompyuta m'kalasi. Nkhope zija zinauma pomwepo, mawu anaduka. Ndinathamanga kukazimitsa makompyuta a ana, ndinazula rauta, ndinaiuzira ndi pakamwa ngati phala la mwana. Anayesa kumulumikiza katatu. Kachinayi kunabwera uthenga wakuti apitirira kwa wina.

Sanalire, sanandikalipire. Anatseka kompyuta pang'onopang'ono, anatenga chikwama chake, ndipo ali pakhomo anati, "Yewo, aphunzitsi."

Patapita masiku ndinakadandaula kwa a Gondwe, wapampando wa komiti, kuti sindikumvetsa chifukwa chimene munthu wondithokoza akundizemba. Anandiyang'ana mwachisoni. Anati, "Aphunzitsi, kuno yewo ngwambiri chomene. Pali yewo wothokoza, pali yewo wakuti ndamva. Ndiye pali yewo wakuti chitani zanu, ine ndasiya."

Mwezi usanathe, NyaMhango anapempha kusamukira kwawo ku Mwazisi. Ndinabwerera ku Mzuzu kukagula bokosi lotuwa lija. Lero likugwira ntchito osatentha, anamwino akutumiza malipoti awo, ana akuwerenga. Aliyense paphiri pano akundiyamikira, ndipo kuyamikirako kumandiwawa. Ndimamusowa. Ndimasowa mmene ankandisekera ndikalakwitsa Chitumbuka, ndi mmene ankayimira pakhomo la kalasi kudikira kuti belu lilire. Ndikadutsa pachipatala maso amapitabe pazenera lake, ngakhale ndikudziwa kuti pamakhala munthu wina.

Inu owerenga, mukatumidwa kukagula rauta yonyamula anthu ambiri, kutchipa si tchimo, koma tembenuzani bokosi. Funsani za timabowo, funsani kuchuluka kwa anthu, funsani ngati imapirira kutentha, ndipo musalonjeze munthu tsiku lake lalikulu pa chipangizo chimene simunachiyese anthu onse ali pantchito. Koposa zonse, wodziwa kuposa inu akakulangizani, kenako n'kungoti yewo, imani kaye mumufunse chimene watanthauza.

Sabata yatha ndinamulembera uthenga wautali wopepesa. Unafika nthawi yomweyo, osachedwa ngakhale pang'ono, pakuti intaneti yathu tsopano ndi yothamanga zedi. Yankho nalonso silinachedwe. Linali liwu limodzi, ndipo pano ndikudziwa kuti ndi yewo uti.