Bwato Loloza Kumtunda

Amene anawolokapo mtsinje wa Mang Thit pa kadoko ka kufupi ndi tauni ya Tra On amawadziwa Mayi Lua. Ngati sunawaone ndiye unawamva, chifukwa mawu awo amafika tsidya lina bwato lisanafike. Akhala akuwolotsa anthu, abakha ndi madengu a malalanje kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amapalasa chiimirire, nkhafi ziwiri zitapingasana pachifuwa, pakamwa posapuma.

Atayandikira zaka makumi asanu anadzidzimutsa doko lonse: anakalembetsa kusukulu ya akuluakulu, ya Loweruka ndi Lamulungu.

"Achemwali, satifiketiyo muzidzapalasira bwato?" anzawo ankawaseka.

"Ndidzaipachika pakhoma, muzidzaiona mukabwera kudzapempha mchere!"

Anakwawa nayo sukuluyo mpaka kalasi yomaliza. Masamu ankangowapirira, koma ndakatulo, eee, zinawalowa m'magazi. Ankazilakatula pakati pa mtsinje, okwera afune asafune.

Tsono kuno kwathu ndakatulo suyankha ndi mutu wako. Pali timabuku ta zimangirizo zolembedwa kale, togulitsidwa pa shopu ya fotokope pageti la sukulu. Umaloweza, n'kukakhuthula papepala, basi wakhoza. Ine zimandinyansa, koma nane ndinakhozera momwemo, ndiye nditseke pakamwa. Mayi Lua ankaloweza timabukuto kuposa aliyense m'kalasi.

Aphunzitsi awo, a Dieu, anali mtsikana wokulira mumzinda, msinkhu wa mwana wawo wachisamba. Iwowa ananeneratu kuti okhawo okhoza mayeso oyeserera ndi amene maina awo adzatumizidwe ku mayeso aboma chaka chimenecho. Olephera adikire chaka china. Mayi Lua maso anali atayamba kale kuchita chidima, ndipo chaka choti ataye analibe.

Tsiku la mayeso, atangotembenuza pepala, mtima unadumpha ndi chimwemwe. Inagwa ndakatulo yomwe chimangirizo chake ankachidziwa ngati dzina lawo. Imakamba za mayi wina amene akuwoloka mtsinje, ana ake akumudikira padoko, koma iye waloza bwato kumtunda, kutali ndi dokolo. Kabuku kamati mayiyo watopa ndi umphawi, mtima wasweka, akufuna kuthawa banja. Mayi Lua anayamba kukhuthula, cholembera chikuthamanga chokha. Tsamba linadzaza, lina linafika pakati.

Ndiye anakweza maso kuti akopere mzere umodzi wa ndakatuloyo. Kunena zoona, kanali koyamba kuiwerenga mofatsa, chifukwa masiku onse ankawerenga kabuku. Mzerewo unkanena za namasupuni amene akuthamangira kunyanja.

Anamenya desiki kuti pha!

"Iii! Madzi akuphwa! Mayiyu sakuthawa ayi!"

"Mayi Lua, chonde, ndi mayeso," anatero a Dieu.

Anagwira pakamwa. Mtsinje wathuwu umadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse motsatira nyanja. Namasupuni akamathamanga choncho ndiye kuti madzi akubwerera kunyanja mwamphamvu, ndipo wofuna kufika padoko saloza padoko. Amaloza kumtunda, madziwo n'kumutsitsa okha mpaka pamiyendo ya ana ake. Zimenezi ngakhale bakha wa pa Mang Thit amazidziwa! Anayang'ana tsamba ndi theka lija, n'kuyang'ana wotchi yapakhoma. Anadziwa bwinobwino kuti akangomaliza za m'kabuku, dzina lawo lipita. Anapumira m'mwamba, n'kukhwatcha zonse ndi mzere umodzi waukulu.

Analemba zawozawo, zilembo zikupendama ndi changu. Analemba mmene mapewa amawotchera ukamalimbana ndi madzi otere. Analemba kuti ali wamng'ono ankalira padoko poona bwato la amayi awo litafulatira, kuyesa akuwasiya, mpaka tsiku limene anagwira nkhafi okha. Anati mlakatuliyo ayenera kuti anakulira m'bwato, koma wolemba kabuku sananyowepo ndi kuphazi komwe.

Panja, Bambo Luc, wokonza njinga zamoto amene ankakhala nawo desiki imodzi, anagwira m'mutu.

"Achemwali, mwadzipha nokha! Ndani anakufunsani maganizo anu? Ife timalemba za m'kabuku, inu mukulemba za m'matope?"

"Nanga ndikanatani, achimwene? Zinali zabodza."

"Zabodza zokhozetsa!"

Anayankha molimba choncho, koma mantha anawagwira. Masiku anayi doko linakhala zii. Ndakatulo sizinamveke.

Lachinayi m'mawa, madzi akuphwa, anaona a Dieu akutsetsereka kudoko, nsapato zam'tauni zikutitimira m'matope, pepala lili m'manja.

"Mayi, zimene mwalembazi m'buku langa la mayankho mulibe. Ndikatsata bukulo, mwapeza malikesi atatu pa khumi."



"Koma zandisowetsa mtendere," anapitiriza a Dieu. "Ndiwolotseni. Mulunjike padoko la tsidya lenilenilo, osakhota."

"Aphunzitsi, mukudziwa zimene mukupempha?"

"Lunjikani basi."

Analunjikadi. Ha, madzi anawanyamula ngati khoko la kokonati! Doko linawadutsa kumanja, anthu akukuwa ndi kuseka, a Dieu atakakamira m'mbali mwa bwato, mpaka anakatsakamira kumunsi pa khola la abakha a eni. Abakha nawo anabalalika ndi phokoso.

"Tsopano tibwerere mmene mayi wa m'ndakatulo anachitira," anatero Mayi Lua, mawu atabwerera.

Anakwera m'mphepete pang'ono, kenako n'kuloza bwato kumtunda, kutali ndi doko, kupalasa ndi mphamvu zonse. A Dieu ankangoona mitengo ya kokonati ikusuntha chammbali. Posakhalitsa bwato linagunda mtengo wapadoko kuti gu, pamalo pomwe ananyamukira.

A Dieu anaseka mpaka misozi. "Zaka zinayi ndakhala ndikuphunzitsa kuti mayiyu akuthawa ana ake! Zinayi!" Anatsamiza pepala pabondo, n'kulemba asanu ndi atatu pa khumi. "Dzina lanu lipita, Mayi."

Mayi Lua anakuwa mpaka a tsidya lina anatembenuka. Anavina m'bwato momwemo, a Dieu akuchonderera kuti ayambe atsika kaye.

Atatsika, mphunzitsiyo anaima, nkhope itasintha.

"Koma Mayi, ndikuuzeni chilungamo. Wodzachonga mayeso aboma sadzakwera bwato lanu. Ikadzagwanso yomweyi, mudzalemba ziti?"

Mayi Lua anapukuta thukuta ndi kansalu kam'khosi.

"Mwana wanga, satifiketiyo ndikuifuna, ndipo ndikuifunitsitsa. Koma mayi uja mapewa akumuwotcha kuti akafike kwa ana ake. Sindingamunamizirenso."