A Loja Anakayezetsa Maso M'malo mwa Amuna Anga

Amuna anga sankakhulupirira chinthu chaulere chochokera kwa mzungu, ndipo pamenepo ine ndi iwo tinkamvana. Tinkakhala ku Tafara, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, zaka zija azungu a kuno atadzitengera dziko, nkhondo ikuyaka kumidzi. Iwo ankagwira ntchito ku Willowvale, kufakitale yomanga magalimoto. Galimoto ikatha kumangidwa, iwo ndiwo ankaitulutsa n'kukaiimika pabwalo pamzere ndi zinzake, ndipo ankanyadira kuti chiyambire sanakandepo ngakhale imodzi. Nyumba tinkakhalayo inali yomangirira ku ntchitoyo. Ntchito ikatha, kunkabwera katsekera, mzungu woyang'anira nyumba za m'lokishi, n'kukhoma loko pakhomo. Anzathu achishona akathamangitsidwa ankakwera basi kupita kwawo. Ife a ku Malawi kwathu kunali kutali, ndipo ana athu anali asanapondeko.

Nkhani inayambira kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, a mimba imodzi. Iwo ankaphikira azungu, n'kumakhala ku Dzivarasekwa. Munthu amene anagwira mbale za dona zaka zambiri osaswa ngakhale sosa, anangoyamba kuika makapu m'malere, pomwe tebulo lathera. Dona ankawanunkhiza m'kamwa poganiza kuti ndi mowa, chonsecho anali mkulu wa mpingo. Atatopa nawo anawatengera kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko anauzidwa kuti diso limodzi linafa kale, linalo likutsatira. Sanamvepo kupweteka ngakhale tsiku limodzi.

Tinapita kukawazonda Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Tinawapeza atakhala pampando panja, atazunguliridwa ndi azibambo a kwathu amene anabweranso kudzawaona. Alamu anafotokoza mmene anawayezera. Anawagoneka chagada, kuwadontheza mankhwala, kenaka n'kuwaika kachitsulo pa diso penipeni. Dokotala anawauza kuti m'diso mumakhala timadzi toyenera kumatuluka, ndipo tikatsekeredwa timakanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Atatero anatembenuzira nkhope kumene ankaganiza kuti kuli mng'ono wawo.

"Akuti nawenso upite akakuyeze. Akuti matendawa amayenda m'magazi, onse obadwa nane akaonekere. Salipiritsa."

"Ine ndadwala chiyani, achimwene?" anafunsa amuna anga.

"Akuti munthu sudziwa. Ukamadzadziwa ndiye kuti zatha kale."

Azibambo aja anayang'anana. Mmodzi anafunsa ngati alipo amene anamvapo mzungu akuitana munthu wosadwala kuti amuchiritse. Anati azungu akufuna anthu a maso akuthwa, awaveke yunifolomu, akalondole mapazi a anyamata omenya nkhondo kutchire. Wina anati ayi, akuwerenga a ku Malawi kuti atikweze sitima tonse. Wachitatu anati chipatala ndi fakitale ndi mphika umodzi, dokotala akangopeza kachilema, lamya imafika kwa folomani iwe usanakwere n'komwe basi. Ameneyu ndiye anawalasa amuna anga, ndinawaona akuyang'ana pansi. Alamu eniake ankakhulupirira kuti anawalodza ndi bambo wosamala maluwa kwa azungu awo, amene ankasirira ntchito ya kukhitchini.

Ine ndinali pamphasa ndi akazi anzanga, ndipo zonsezo ndinkazivomera, pakuti masiku amenewo munthu sunkakhulupirira ngakhale woyandikana naye mpanda. Koma china chake chinkandikanda mumtima. Apongozi anga, amayi awo a anthuwa, anamwalira ku Dedza ali osaona, anthu n'kumati anawalodzera munda. Atsibweni awo nawo ankayenda ndi ndodo, munthu ali patsogolo. M'basi pobwerera ndinawafunsa amuna anga kuti ndi mfiti yanji imeneyi yosatopa, yochoka ku Dedza kudzafika ku Dzivarasekwa ikungosankha mtundu umodzi. 

Pakamwa panga anthu a ku Tafara amapadziwa. Ndinawakhalira pakhosi m'mawa ndi madzulo, ndikuwauza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinkati ngakhale utakhala msampha, bola kukodwa uli ndi maso. Anapirira, anapirira, kenaka anati, "Chabwino mayi, ndipita, khutu langali lipumeko."

Apa ndifotokoze za a loja athu, munthu amene tinkamusunga pakhomo. Anali bambo a ku Tete, a msinkhu wa amuna anga, amene anathawa nkhondo ya kwawo n'kufika ku Tafara ndi bulangeti lokha, opanda chitupa. Tinawapatsa khitchini kuti azigonamo, ndipo apolisi a m'lokishi akabwera kudzayendera nyumba tinkati ndi mphwawo wa bambo. Chiyankhulo chawo chinali chathu chomwe, choncho palibe ankakaika. Ankasoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo.

Ife alendo m'dziko la eni tinali ndi chizolowezi choimirirana. Wina akaitanidwa kwa katsekera ali kuntchito, mnzake ankakaima pamzere n'kuyankha dzina lake. Wachifuwa akafuna ntchito kufakitale ankatumiza mnzake wa mapapo abwino kuti akajambulidwe. Azungu nkhope zathu sankazisiyanitsa, ndipo ife tinkati mwayi wathu ndi wokhawo. Palibe ankayesa kuti ndi bodza. Kunali kuthandizana chabe, ngati kubwerekana mchere.

Tsiku lopita kuchipatala amuna anga anavala jekete la kutchalitchi. A loja anati awaperekeza, poti akukagula ulusi ndi zidendene mutawuni. Anabwerako masana, ndipo amuna anga analowa akumwetulira.

"Andiyeza. Akuti maso anga ali ngati a mphamba."

"Anakuchitani chiyani?"

"Angondiunika ndi tochi basi."

"Sanakugonekeni?"

"Inu mayi, mwasanduka wapolisi liti? Patseni madzi."

Ndinawapatsa madziwo ndikuwayang'ana m'maso. Anali oyera mbee, ngati a munthu amene wachokera kosamba. Ndinatuluka kukataya madzi otsukira mbale kuseri, ndipo ndinapeza a loja atakhala pachidebe, chipewa chitatsikira mpaka pamphuno, misozi ikuyenderera. Ankalimbana ndi kulowetsa ulusi mu singano, ulusi ukungodutsa pambali. Ndinayamba ndaganiza kuti amwa, koma fungo panalibe. Ndinawapempha kuti akweze chipewa. Pakati pakuda pa diso panali patakula ngati pa mphaka, ndipo dzuwa linkawabaya.

"Mwatani, bambo?"

"Musandifunse ine, mayi. Akuti zitha pofika mawa." Anapukuta misozi ndi mkono wa malaya, kenaka pakamwa panawapulumuka. "Koma kachitsulo kaja n'kozizira."

Ndinabwerera m'nyumba beseni lili m'manja. Mkwiyo umene ndinali nawo sindinaumvepo chikwatiwire.

"Inu bambo a ana, maso a munthu wa ku Tete akukhudzana bwanji ndi amayi anu a ku Dedza? Mukuyesa kuti uku ndi kwa katsekera?"

Sanakane, komanso sanachite manyazi. Anandiuza modekha kuti achipatala ankafuna mng'ono wake wa wodwala, ndipo mng'ono wakeyo amulandira. Ukanakhala msampha, a loja analibe ntchito yoti iwathere, analibe nyumba yoti alandidwe, ndipo ndi eniake amene anadzipereka poyamika malo ogona. Ndinati chabwino, mwaona tsopano kuti si msampha, munthu wabwerako wamoyo, pitani inuyo.

"Ndikanene kuti ndine yani?" anandifunsa. "Mng'ono wake anabwera kale. Ndikaonekera ine, akafunsa kuti nanga uja anali yani. Mukufuna ndimupereke munthu wopanda chitupa, abwezedwe kunkhondo?"

 Sindinkadziwa ngati achipatala amauza apolisi kapena ayi, ndipo panalibe woti ndimufunse popanda kuulula za a loja. Mwezi ndi mwezi ndinkaiyambanso nkhaniyo, yankho linali lomwelo. Alamu anauzidwa kuti mng'ono wawo anayezedwa ndipo alibe vuto, n'kuthokoza Mulungu pamaso pa mpingo.

Panapita zaka zingapo, nkhondo ikunka niyandikira tawuni. Choyamba kufika kwa ine anali madandaulo a anthu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandiuza pampopi kuti amuna anga ayamba kunyada, amadutsa anthu m'njira osapereka moni. Amenewo sanali mawu opepuka. Masiku amenewo munthu wosiya kupereka moni ankanenedwa kuti wayamba kudya ndi apolisi, ndipo mawu achishona oti mutengesi, wogulitsa anzake, akakumatirira ankatha kukuphetsa. Tsiku lina anandidutsa ineyo pamalo okwerera basi, nditaima pambali pawo ndi dengu la tomato. Mtima wa mkazi umathamangira kwa mkazi mnzake, ndipo wanganso unathamangira komweko, kuti mwina apeza chibwenzi. Ndinafufuza m'matumba a ovolosi yawo, ndinanunkhiza malaya, osapeza kanthu.

Ndiye ndinawayesa. Atakhala pakhonde Loweruka masana, ndinaima chakumanja kwawo n'kutambasula dzanja ndi kapu ya tiyi, osayankhula. Kapu inali pafupi ndi khutu lawo, nthunzi ikukwera. Anapitiriza kuyang'ana ana akusewera mpira pamsewu mpaka dzanja langa linatopa. Nditatsokomola anadzidzimuka, n'kutembenuza mutu wonse.

"Tiyeni kuchipatala," ndinatero.

"Ndimaganiza zina," anayankha. "Komanso simuyenda ngati munthu, mumachita kunyang'ama."

Kale ankaopa kuti dokotala awanamizira chilema. Tsopano ankaopa chifukwa chilemacho chinalipodi, ndipo ankachidziwa. Anaphunzira kuyenda akutembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku, anthu n'kumati akuonetsetsa amene akuwatsatira. Kumeta ankameta okha bwinobwino, nyuzipepala ankawerenga, ndipo ankandionetsa zimenezo monga umboni. M'mawa uliwonse akamapita kuntchito yoyendetsa magalimoto a eni, ndinkaopa kuti tsiku lina achita ngozi.

Chimene ndinkaopa chinachitika. Anakhulitsa galimoto yatsopano pachipilala cha geti la fakitale, mbali yonse ya kumanja n'kuphwanyika. Pakanakhala pa mtendere akanangokalipidwa kapena kuchotsedwa. Koma inali nkhondo, ndipo munthu wakuda amene sanakandepo galimoto chiyambire akawononga yatsopano, azungu ankafuna kudziwa amene wamutuma. Apolisi anawatenga. Anabwerako patapita masiku, mlomo utatupa, akuyenda mopendama. Chinawatulutsa ndi mawu amene anakana kundiuza ine zaka zonsezo, oti chipilalacho sanachione. Anauzidwa kuti akabweretse umboni wa dokotala.

Ulendo umenewu ndinawaperekeza ndekha, ndipo ndinakhala pabenchi moyang'anana ndi chitseko mpaka ndinawaona atagona chagada. Namwino, mayi wachishona wa msinkhu wanga, anafunsa ngati kwathu kuli wina wosaona. Amuna anga anatchula akulu awo, ndipo ine ndinadikira funso lija tinaliopa zaka zonsezo. Silinabwere. Palibe anakumbuka kuti kunabwerapo mng'ono wina, palibe anafunsa za a loja, palibe anaimba lamya kulikonse. Namwino anangopukusa mutu.

"Nanga akulu anu atapezeka nawo, sanakuuzeni kuti mubwere?"

"Anandiuza."

"Mukanabwera nthawi imeneyo, bambo, tikanasunga zambiri."

Dokotala anati diso la kumanja latsala pang'ono kutheratu, la kumanzere likuona pakati pokha, ngati munthu wosuzumira m'paipi. Zimene zapita sizibwerera. Anawapatsa mankhwala odontheza tsiku lililonse moyo wawo wonse, oti ateteze kotsalako. Kufakitale anawachotsa pa chiwongolero n'kuwapatsa ndowa ndi nsanza kuti azitsuka magalimoto, choncho nyumba sitinalandidwe. A loja atamva anakhala tsiku lonse pansi pa mtengo wawo osasoka kanthu. Madzulo anabwera kudzandiuza kuti iwo ankayesa kuti akubweza zabwino. Ndinalephera kuwakalipira, chifukwa zinali zoona.

Amuna anga ndiwo ndinawakwiyira, ndipo ndinawauza. Masabata angapo ndinkawadontheza mankhwala osayankhula nawo zambiri. Ndinkawagwira chibwano mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira, iwo osadandaula.

Lamulungu lina masana ndinali nditangomaliza kuwadontheza pakhonde, nkhope yanga ili pafupi ndi yawo. Anandigwira dzanja.

"Mayi, mukakhala pafupi chonchi ndimangoona diso lanu limodzi ndi mphuno. Tabwererani m'mbuyo."

Ndinabwerera pang'ono.

"Pitirizani."

Ndinatsika pakhonde chambuyo, kudutsa bedi la masamba, kudutsa waya woyanikapo zovala, iwo akungoti pitirizani. Msana wanga unagunda mpanda wa kumsewu. Mayi woyandikana nafe uja anasiya kuchapa n'kumationera.

"Imani pomwepo," anatero amuna anga. "Tsopano mwakwana nonse. Dilesi limenelo munagula liti?"

Dilesilo ndinali nditalivala kutchalitchi chaka chathunthu, ndikukhala pambali pawo. Mkwiyo unandithera pomwepo, kunatsala chisoni chokha, ndipo ndinalira nditatsamira mpanda. Sindinathamange kukawagwira, chifukwa ndikanayandikira akanasiya kundiona. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna kundiona ankandipempha kuti ndipite kutali.